Tithandizeni kuti zojambula za ana athu zisamathere pa dothi

Makolo, mafumu, a mipingo ndi mizikiti, ndi inu nonse amene munaphunzirapo pa sukulu yathu ya pulayimale kuno ku Dedza, ife a komiti ya sukulu tikupereka moni.

Mukafika pa sukulu pano nthawi ya buleki, yang'anani pansi pa mtengo wa mango uli kuseri kwa kalasi ya Sitandade 1. Mupeza ana atagwada, akujambula pa mchenga ndi chala cha mkombaphala. Tsiku lina tinaona kamtsikana kakujambula amayi ake atasenza ndowa, mwana ali kumbuyo, mpaka maluwa a pachitenje kanawaikamo. Belu litalira, anzake anathamangira pomwepo, chithunzi chonse n'kufafanizika. Amayi akewo sanachione.

N'chifukwa chake tagwirizana ndi aphunzitsi kuti Loweruka lomaliza teremu ino isanatsekedwe tidzakhale ndi tsiku la zaluso. Tidzamanga zingwe m'makalasi n'kupachikapo zojambula za ana, ndipo panja tidzayala mphasa zoikapo ng'ombe zadongo, timiphika, galimoto zamawaya ndi zidole za zitsononkho. Ana a kumkaka nawo adzakhala ndi mkeka wawo, poti azidetsa manja mmene angafunire. Sipadzakhala mpikisano. Mwana aliyense amene wapanga kanthu, kanthu kakeko kadzaonetsedwa, dzina lake lili m'munsi.

Ena anatifunsa pa msonkhano wa makolo kuti, kodi zimenezi si masewera chabe, ana akadali kuvutika ndi kuwerenga? Funsoli n'lomveka. Koma dzanja limene lazolowera kuumba dongo ndi kukhotetsa waya ndi lomwelo limene limagwira pensulo osanjenjemera polemba a, e, i, o, u. Komanso ife a ku Dedza sitiyenera kuchita kuuzidwa za phindu la kujambula. M'mapanga a ku Chongoni muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira zimene anasiya Akafula ndi zoyera zimene anajambula makolo athu Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ku Mua nako, kuyambira 1976 pamene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, anthu osema akhala akudyetsa mabanja awo ndi sompho ndi tchizulo. Alendo amachokera kutali kudzaona zimenezi, pomwe ana athu alibe n'pepala lomwe.

Chosowa chachikulu ndi mapepala amenewo. Makope a ana ndi olembamo notsi, sangang'ambemo. Ngati muli ndi makalendala akale, makatoni, mapepala a mu ofesi olembedwa mbali imodzi, kapena matumba a simenti a pepala, musawotche, tibweretsereni. Tikufunanso makrayoni, ngakhale oduka, pakuti mphunzitsi amadula limodzi patatu kuti ana agawane. Mapensulo, masizasi, ulusi, zigamba za kwa telala ndi mawaya otsala kwa okonza njinga, zonsezi tilandira ndi manja awiri. Utoto wina tipanga tokha ndi makala, katondo ndi laimu, ndipo guluu wathu ndi phala la ufa wa chinangwa.

Tikupemphanso manja anu. Agogo amene mumaumba mbiya, abambo oluka malichero ndi madengu, amayi osoka nsalu, mudzabwere mudzakhale ndi ana ola limodzi lokha, aone mmene zala zanu zimayendera. Amayi a mother group adzaphika phala la ana, choncho ufa, soya, shuga kapena mtolo wa nkhuni zidzathandiza kwambiri.

Abale amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, ngati mungatumize ndalama, idzere kwa msungichuma wa komiti. Adzakulemberani lisiti, ndipo mmene yagwirira ntchito tidzawerenga poyera pa msonkhano wa makolo. Katundu mukhoza kusiya ku ofesi ya aphunzitsi aakulu tsiku lililonse la sukulu.

Amene mulibe chopereka, musadzakhale kunyumba chifukwa cha manyazi. Mudzabwere ndi khanda kumbuyo, mwana wanu adzakugwireni dzanja n'kukulozerani pa chingwe kuti, "Amayi, ichi ndajambula ndine."

Ife anu,
A komiti ya sukulu