Achemwali, dishi ija izimitsidwe

Hermanus, South Africa, 2 Novembala

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Amayi mwendo uja ukuwapatsako mpata? Alamu, ana, azakhali, onse muwapatse moni. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinatha, inali mphepo ya kunyanja chabe. Moni ndilekera pomwepa chifukwa mtima wanga suli pa moni.

Talandira dzulo. Ndatumiza R2,500 pa Mukuru, ndipo ulendo uno ndalemba dzina lanu, osati la mphwathu uja monga ndinkachitira. Mukatenge nokha, musatume mwana. Choyamba feteleza wokulitsa, yotsalayo mankhwala a amayi ndi nsapato za mwana wanga. Lisiti ya feteleza muijambule munditumizire pa WhatsApp tsiku lomwelo. Musandione ngati ndayamba kukukayikirani inuyo, werengani mumve.

Sabata yatha kunafika mnyamata wina wakwathu, anatsikira ku Cape Town, tinakumana kutchalitchi. Dzina sinditchula, musavutike kundifunsa. Iye ankangocheza, amvekere nyumba yanu ija ya pamsewu yatchuka, Loweruka lililonse anthu amadzaza mpaka m'mawindo kuonera Arsenal ndi Manchester United, ndipo pakhomo pamakhala mwana wotolera ndalama. Ankayesa andisangalatsa. Ine ndinaseka naye, koma usiku umenewo tulo sindinatione. R1,800 ya mu Seputembala ija ndinanena momveka kuti ndi ya feteleza. Yankho la mphwathu wokhala m'nyumbamo uja linali lakuti mitengo yakwera, tidikire kaye. Kudikira chiyani? Mtengo wa feteleza unayamba wadikira munthu? Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilipo chinatsikapo m'sitolo? Tsono feteleza palibe, koma dishi ikuyaka mwezi ndi mwezi, mayunitsi a magetsi sakutha. Sindikunena kuti waba. Ndikungofunsa kuti dishiyo ikudya ndalama ya ndani.

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndikudziwa. Ndi mwana wa amayi, ndipo ndikakalipa kwambiri odwala BP ndi amayi omwewo. N'chifukwa chake ndalembera inu.

Mbuzi yaikazi ija isagulitsidwe, ngakhale wina abwere ndi nkhani yotani.

Ndikuuzeni zimene ndaona kuno, mwina mumvetsa chimene chandipweteka. Mabwana angawa ndi a ku Germany. Amafika pakati pa Novembala, kwawo kukayamba kuzizira, n'kubwerera kumapeto kwa Malichi. Azungu otere kuno ndi ambiri, a ku Germany, a ku England, a ku Holland, ndipo anthu anawapatsa dzina la mbalame ija namzeze, poti amabwera ndi dzuwa n'kuchoka nalo. Miyezi isanu nyumba imakhala ndi eni ake, miyezi isanu ndi iwiri mumakhala ine ndi makiyi, kutchetcha kapinga, kusamala dziwe losambira, kutsegula mawindo kuti nkhungu isagwire makoma. Kale ankalipira DStv ya pamwamba penipeni, pafupifupi R1,000 pamwezi, banki ikungodula yokha chaka chonse. Tsiku lina dona anakhala pakhonde ndi mapepala a kubanki ndi pensulo. Ine ndinali pafupi, ndikuthirira maluwa. Anawerengetsa miyezi isanu ndi iwiri ija, napeza kuti ndi ndalama yoyandikira R7,000 pachaka yolipirira TV yoonera mipando. Anaitana amuna awo, analankhulana chikwawo, mawu akukwera, ndipo sabata yomweyo anaidula.

Taganizani achemwali. Munthu wa nyumba ziwiri, wokwera ndege kawiri pachaka, woti R7,000 angathe kuimwera vinyo, anakana kuitaya. Ife a thumba limodzi la feteleza ndiye tikhale olipira dishi chaka chonse?

Sikuti anasiya kuonera TV ayi. Anagula dikoda ina yotchedwa Openview, yogula kamodzi basi, yopanda malipiro a pamwezi. Munthu wolumikiza anabwera, anaimangirira pa dishi yomwe ija inali kale padenga, sipanapite ola. Imeneyo imaonetsa SABC 1, 2 ndi 3, e.tv ndi matchanelo ena a mafilimu. Nkhani za dziko lino ndi zanyengo amaonera pamenepo. Mafilimu awo amabwera nawo m'thumba: kachipangizo kakang'ono ngati chala, amakabaya kumbuyo kwa TV, kamakoka pa intaneti. Netflix amalipira kale kwawo, ndiye akafika kuno amangolowa ndi dzina lawo lomwelo, osalipiranso kachiwiri. Pochoka amakazula n'kupita nako. Intaneti yokha ndiyo saidula, chifukwa makamera a pageti amayendera yomweyo, ndipo bwana amandiona ali ku Germany ngati ndathirira kapena ayi. Kupatula apo chotsala ndi laisensi ya TV ya boma, R265 pachaka. Adzukulu awo akabwera pa Khirisimasi n'kumalirira masewero, bwana amalipira DStv mwezi umodzi wokhawo, ukatha yatha.

Denga la kukhitchini kwa amayi mwaliona? Chaka chatha linkadontha pakona ya kumadzulo. Mugule misomali ndi phula mvula isanagwe, musadikire Disembala.

Ine m'kachipinda kanga ndili ndi ka TV kakale kamene dona ankafuna kutaya. Ndinagula eriyo ya nyanga ziwiri pa sitolo ya zakale, ndinaiimika pawindo. Mphepo ya kuno ikalusa chithunzi chimachita mchenga, ndimadzuka kukaipotoza, koma sindinalipirepo ndi senti yomwe. Za kumudzi ndimazipeza pa foni. Zodiak ndi Times amaulutsa pa Facebook, ndiye madzulo ndimakhala pa sitepe pamene wifi ya bwana imafika, n'kumamva nkhani za kwathu. Tsiku lina anaonetsa msika wa Lizulu, milu ya kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu, amayi atafunda zitenje chifukwa cha chisanu. Ndinaimitsa chithunzicho n'kumangochiyang'ana, kufufuza ngati ndingaone nkhope yodziwika. Nsima inazizira m'mbale. Kuno anthu amachoka kutali kudzaona anamgumi akudumpha m'nyanja, miyezi ino ndiyo yothera, ine ndimawaona ndikamapita kogula buledi ndipo sandikhudza n'komwe. Chimene ndikufuna ine ndi fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, ndi ngumbi zokazinga za amayi.

Koma tibwerere ku ndalama. Ndazindikira kuti inenso ndine namzeze. Nyumba ya pamsewuyo ndimagonamo mwezi umodzi pachaka, Julaye, mabwana akandipatsa tchuthi. Dishi ndinaigula ndine, sindikukana, ndinkafuna anthu aone kuti mwana wa amayi sanatchone. Kunali kudzionetsa, ndavomera. Ndiye tamverani chinthu choseketsa: mpira wa ku England umatha mu Meyi n'kuyambanso mu Ogasiti. Julaye amene ndimabwerayo osewera amakhala ali patchuthi ngati ine ndemwe. Zaka zitatu ndakhala ndikutumiza ya dishi, sindinaonerepo chigoli ndi chimodzi chomwe m'nyumba mwangamo. Ndipo miyezi imene mpirawo umafika pokoma, Disembala, Januwale, Febuluwale, ndi imene nkhokwe imakhala ikulira, feteleza wobereketsa akufunika, ana akudwala malungo.

Tsono mumve bwino, ndipo izi muwerenge mokweza iye ali pomwepo.

Iwe mphwanga, mwezi umene walipiridwawu ukatha, dishi isalipiridwenso. Dikoda, khadi lake ndi rimoti upereke kwa achemwali, akatsekere m'sutikesi ya amayi. Mbale ya padengayo usaichotse, ingokhala, siidya kanthu. Usandiuze kuti ikakhalitsa osalipira imawonongeka, bodza limenelo ndinalimva kale. Ya bwana imakhala miyezi khumi ndi umodzi ili duu, akalipira imayaka tsiku lomwelo. Ndipo ukumbuke mu Ogasiti 2023, pamene DStv inaimitsa ntchito zake m'Malawi pa mkangano wa mitengo ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mawailesi, TV ndi mafoni. Inatha miyezi ingapo isanabwerere. Unafa? Sunkamvera mpira pa wailesi ngati anthu ena onse? Bullets ndi Wanderers tinakulira kuwamvera pa wailesi ya mabatire, tili pansi pa mtengo wa mango, ndipo tinkakuwa kuposa mmene mukukuwira panomu.

Ukafuna kunena kuti inali bizinesi, chabwino, tikambe za bizinesi. Kope lili kuti? Loweruka limodzi pamalowa anthu angati, aliyense amapereka zingati, ndalamazo zimapita kuti? Ngati za pakhomo zimakwana kulipira dishi ndi mayunitsi, bwanji unkandipemphabe ya dishi? Ngati sizikwana, ndiye ndi bizinesi yanji yodyera feteleza wa amayi? Udziwenso kuti dikoda imeneyo inalembetsedwa ngati ya m'nyumba, yoonetsa anthu olipira ili ndi malamulo ake ena, ndipo dzina limene lili pamenepo ndi langa. Mipando yanga ndamva yathyoka miyendo iwiri. Sindikukuthamangitsa m'nyumbamo, ukhalemo, uisamale. Koma R1,800 ija undifotokozere pa foni ndi pakamwa pako, usatumize mawu kudzera kwa amayi.

Achemwali, kuti m'nyumbamo musachite zii, mukapita ku boma mukafunse mtengo wa dikoda ya Kiliye Kiliye, ija ya eriyo, ndipo mufunse anthu oyandikana nafe amene ali nayo ngati imagwira bwino mbali yathuyo musanapereke ndalama. Imeneyo ndi ya matchanelo akwathu, MBC, Times, Zodiak ndi ena a mapemphero amene amayi amawakonda. Eriyo imafuna pamwamba. Adule nsungwi yaitali yokhwima, aimangirire kolimba ku mtanda wa denga, wina azipotoza pang'onopang'ono wina akuyang'ana chithunzi mpaka chiyere. Waya asadutse pamene madzi a padenga amatsikira. Mukandiuza mtengo ndidzatumiza yake payokha kumapeto kwa Novembala, isasakanikirane ndi ya feteleza. Pa R2,500 iyi musachotsepo kanthu ka TV ngakhale K500.

China, asakunamizeni kuti tsopano aziwonera mpira pa foni ngati mmene amachitira azungu anga. Kuno intaneti ya m'nyumba ndi ya waya, amalipira pamwezi ndipo siitha kaya uonere usana ndi usiku. Kwathuko ndi bandulo. Mpira umodzi wa mphindi 90 pa foni ungathe kumaliza bandulo imene inu mumaimbira nane sabata yathunthu, ndiye tidzangochotsa ndalama ku dishi n'kukaithira ku mayunitsi a foni. Akakupemphani ya bandulo, mukanize. Foni ya mwana wanga ndi ya sukulu, asaibwereke Loweruka.

Za mwanayo, ndamva masamu akumuvuta. Mundiuze zoona, musandibisire poopa kuti ndidandaula. Ngati pakufunika aphunzitsi apadera, ndalama imene inkapita ku dishi ndi imeneyo, ipite kumeneko. Madzulo asamapite ku nyumba ya pamsewuyo kukadzaza anyamata.

Mabwana afika pa 16. Masiku ano ndili kalikiliki kupenta geti, kutsuka mawindo, kuchotsa nsalu pa mipando. Akafika sindikhala ndi mpata woimba masana, muziyembekeza foni yanga Lamlungu madzulo, cha m'ma 7. Dona akabwera amandipatsa kangachepe ka Khirisimasi, koma musakawerengere, ndipo musauze munthu. Wobereketsa ndidzatumiza ndalama yake Disembala asanafike pakati. Mbewu mugule yocha msanga, munda wa kudambo muyambe ndi umenewo. Aganyu muwalipire akamaliza mizere, osati asanayambe, chaka chatha tinaphunzira.

Amayi musawauze zonsezi mwakamodzi. Muwauze kuti ndili bwino, ndanenepa, bulangete lawo ndagula kale lili pansi pa bedi, lidzabwera ndi wa basi amene ndimamukhulupirira uja. Akafunsa chifukwa chake TV yasiya kuonetsa azungu othamanga, muwauze kuti ndalamula ndine.

Lisiti ija musaiwale. Ndipo dikoda ikalowa m'sutikesi, muijambule ili momwemo, kiyi musunge inu.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Joni