Za wotchi yomwe mwaiona ku London

Achimwene,

Ndalandira uthenga wanu pamodzi ndi zithunzi zitatu za wotchi ya Omega Speedmaster yomwe mwaipeza m'sitolo yogulitsa mawotchi akale, ndipo ndakondwa kumva kuti inu, alamu anga ndi ana nonse muli bwino. Mwafunsa kuti anthu osonkhanitsa mawotchi amayang'ana chiyani asananene kuti wotchi ya mtundu wa chronograph ndi yabwino. Ndikuyankhani mwachifatse, chifukwa ndalama zomwe mukufuna kutulutsazo si zochepa.

Tiyambe ndi kusiyanitsa mawu awiri omwe amasokoneza anthu ambiri. Chronograph ndi wotchi yokhala ndi muvi wapadera woyezera kutalika kwa nthawi, umene mumauyambitsa, kuuimitsa ndi kuubwezera pa ziro podina mabatani a m'mbali. Chronometer ndi wotchi yomwe yayesedwa kwa masiku 15 ndi bungwe la COSC la ku Switzerland, n'kupezeka kuti sitsalira kupitirira masekondi 4 kapena kuthamanga kupitirira masekondi 6 patsiku. Komabe osonkhanitsa sataya nthawi yaitali pa nkhani yosunga nthawi molondola, popeza wotchi ya batire yotchipa imaposa pafupifupi wotchi iliyonse yoyendera sipulingi. Iwo amafuna kuona luso la amene anapanga makinawo, komanso ngati wotchiyo idakali monga inatulukira ku fakitale.

Chinthu choyamba chimaweruzidwa ndi chala. Mkulu wina wokonza mawotchi ku Limbe, amene ndinkakhala naye pa benchi yake masiku a Loweruka, ankandipatsa mawotchi awiri n'kundiuza kuti nditsinzine, kenako ndidine batani la m'mwamba la wotchi iliyonse. Limodzi linkalowa mofewa n'kulira kamodzi momveka bwino, pamene linalo linkayamba lakana pang'ono kenako n'kugonja mwadzidzidzi. Atatsegula kumbuyo anandionetsa chifukwa chake pa galasi lokulitsa zinthu. Wotchi yoyamba inali ndi kagudumu kokhala ndi timizati toimirira pamwamba pake, kotchedwa column wheel, ndipo nthawi iliyonse mukadina batani kamazungulira pang'ono, timikono tachitsulo n'kugwera pakati pa timizatito kapena kukwera pamwamba pake. Yachiwiri inali ndi kachitsulo kaphanthiphanthi kotchedwa cam, kamene kamangokankhidwira uku ndi uko. Kagudumu ka timizati n'kovuta kusema ndi kuchuna, n'chifukwa chake osonkhanitsa amakalemekeza kwambiri.

Nkhaniyi ikukhudza wotchi yanu mwachindunji. Speedmaster inatuluka koyamba mu 1957 ndi makina otchedwa 321, omwe ali ndi column wheel, ndipo makina amenewa ndi omwe anali mu wotchi yomwe NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a mumlengalenga, linavomereza mu 1965 kuti izivalidwa pa maulendowo, komanso yomwe Buzz Aldrin anavala poyenda pamwezi mu 1969. Kuyambira 1968 kampani ya Omega inayamba kuika makina a 861, omwe amagwiritsa ntchito cam. Makina a 861 ndi olimba ndipo savuta kukonza, moti ine sindiwanyoza ngakhale pang'ono, koma pamsika wotchi ya 321 imadula kwambiri. Musalole kulipira mtengo wa 321 musanaone nambala yolembedwa pa makinawo ndi maso anu.

Mukadina batani, maso anu akhale pa muvi waukulu. Pa mawotchi a kalembedwe kakale mano a gudumu limodzi amalumana ndi a linzake kuchokera m'mbali, choncho muvi umatha kudumpha pang'ono poyamba kuyenda. Ena, monga Rolex Daytona yokhala ndi makina a 4130 omwe anatuluka mu 2000, ali ndi timbale tiwiri togwirana ngati kilachi ya galimoto, ndipo muvi umanyamuka mosalala. Njira yatsopanoyi imagwira bwino ntchito, koma imabisa zambiri, pamene yakaleyo imakulolani kuona gudumu likusendera kukakumana ndi linzake, ndipo ine mtima wanga uli ku yakaleyo. Mukatero imitsani muviwo, mudine batani la m'munsi. Mivi yonse yoyezera iyenera kubwerera nthawi imodzi n'kuima ndendende pa ziro, ndipo ikaphonya ngakhale pang'ono, dziwani kuti m'katimo muli chofunika kukonza.

Pa mawotchi apamwamba kwambiri, osonkhanitsa amatembenuza wotchi n'kuyang'ana kumbuyo nthawi yaitali kuposa kutsogolo. Amaona ngati m'mphepete mwa tizitsulo mwasemedwa mopendekera ndi kupukutidwa mpaka kuwala, makamaka m'makona olowa m'kati, momwe makina opukutira safika bwino ndipo mumafunika dzanja la munthu. Pamene kampani ya A. Lange & Söhne ya ku Glashütte m'dziko la Germany inatulutsa chronograph yotchedwa Datograph mu 1999, anthu anaitama chifukwa cha zimenezi, poti makina ake anapangidwa ndi kampaniyo yokha pa nthawi yomwe makampani ambiri otchuka ankagula makina kwa Lemania, Valjoux kapena Zenith. Ngakhale Daytona inayendera makina otengera makina a El Primero a kampani ya Zenith kuyambira 1988 mpaka 2000, choncho kugula makina kwa ena si chamanyazi. Chofunika n'chakuti wogulitsa anene zoona.

Tsopano ndifike pa nkhani yomwe ndikufuna muisunge kwambiri, chifukwa apa ndi pomwe ogula atsopano amapunthwa. Inu ndi ine tinakula tikudziwa kuti chinthu chowala ndicho chabwino, koma kwa osonkhanitsa mawotchi akale, kuwala kwambiri kumadzetsa chikayiko. Chigoba cha wotchi chikapukutidwa ndi makina, chitsulo chimadyeka, m'mphepete momwe munali mosongoka mumakhala mobulungira, ndipo n'kovuta kwambiri kubwezeretsa maonekedwe oyambawo mwa njira yoti katswiri asazindikire. Iwo amalolera wotchi yokhala ndi zokalika zambiri bola m'mphepete mwake muli mwakuthwa. Chimodzimodzinso nkhope ya wotchi, yomwe ikapentedwanso mtengo umagwa kwambiri ngakhale ioneke yokongola. Mankhwala owala usiku omwe ankapakidwa kale, okhala ndi tritium, amasanduka achikasu pokalamba, ndipo mtundu wa pa mivi uyenera kufanana ndi wa pa nkhope. Pa chithunzi chanu chachiwiri mivi ndi yoyera mbuu pamene zizindikiro za maola ndi zachikasu, ndiye ndikuganiza kuti miviyo inasinthidwa pokonza. Zimenezi si mlandu, koma ziyenera kutsitsa mtengo.

Musadzione ngati munthu wokayikira mopitirira muyeso mukamafunsa mafunso ambiri. Mu 2021 Speedmaster ina yonenedwa kuti ndi ya 1957 inagulidwa pa okushoni ku Geneva pamtengo woposa mafranc a ku Switzerland 3 miliyoni, wogula wake ali kampani ya Omega yomweyo, koma mu 2023 kampaniyo inalengeza kuti wotchiyo inali yolumikizidwa kuchokera ku zidutswa za mawotchi osiyanasiyana. Mbiri ya mwini wake nayonso imakweza mtengo, monga Daytona ya Paul Newman, katswiri wa mafilimu wa ku America, yomwe inagulitsidwa ku New York mu 2017 pamtengo woposa madola 17 miliyoni, koma imeneyo si nkhani ya anthu ngati ife.

Mukabwererako, pemphani kuti atsegule kumbuyo inu muli pomwepo, mujambule makinawo ndi nambala yake, kuti tione ngati chaka chake chikugwirizana ndi chigoba ndi nkhope. Mufunsenso bokosi, zikalata zogulira, ndi chaka chomwe inatsukidwa ndi kuthiridwa mafuta komaliza, chifukwa kukonzetsa chronograph kumeneko kumadya ndalama zambiri. Mujambulenso m'mbali mwa chigoba pa kuwala kwa dzuwa, osati kwa magetsi a m'sitolo, ndipo musalipire kalikonse ndisanaone zithunzizo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine bwenzi lanu,
ku Zomba