Musagulitse ng'ombe, amayi

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi achimwene, alamu anga ndi ana onse kumeneko ku Mchinji. Ine moyo ulipo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni tsiku lija mawu anandithawa, ndipo ndamva kuti nkhani yafika kumudzi itakula kale, ena akuti ndapha munthu, ena akuti andimanga zaka zisanu. Palibe wafa, amayi. Ndikulemba ndili m'nyumba yanga muno mu Mtendere, mumzinda wa Lusaka. Koma kulakwa ndinalakwa, ndipo ndikufuna mumve kwa ine mwiniwake. Achimwene akuwerengereni pang'onopang'ono.

Pa 24 Okutobala, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino la Zambia, sitinagwire ntchito. Mnzanga wa kugalaji anatiitana kunyumba kwake ku Chelstone, ndipo ine ndinali ndi galimoto ya kuntchito ija ndimayendera pokakonza mathirakitala kumafamu. Ndinamwa mowa wa Mosi, mabotolo sindinawerenge. Akazi a mnzangayo anandiuza kuti gonani konkuno alamu, makiyi tisunge. Ndinakana. Ndinati msewu ndimaudziwa ngati chikhatho changa.

Nditapatuka mu Great East Road, kamdima katayamba, ndinakhotera patali n'kukagunda thebulo la mayi wina wogulitsa tomato ndi chimanga chootcha. Mayiyo anali atangonyamuka kukasintha ndalama pa kantini yapafupi. Mpando umene anakhalapo unaphwanyika pansi pa tayala. Nditatsika ndinaona mbaula itagubuduzika, makala amoto ali mbwee mumsewu, tomato ataphwanyika, madzi ake akuyenderera m'fumbi. Iye sanakuwe, sananditukwane. Anangoima atagwira timakobidi take m'manja, akuyang'ana mpandowo. Anali wamsinkhu wa achemwali, ndipo chitenje chake anamanga monga mumamangira inu popita kudimba. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona mpando umenewo.

Apolisi anandipumitsa m'kachipangizo koyezera mowa. Lamulo la kuno limati woyendetsa galimoto asapitirire mamiligalamu 80 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo ine ndinali nditapitirira. Ndinagona m'chitokosi masiku awiri, pasimenti, nsapato ndi lamba atandilanda.

Kuti munthu atuluke kudikira tsiku la kukhoti, pamafunika anthu omuimira, okhala ndi chiphaso cha dziko lino ndi malo odziwika kumene amakhala. Apa m'pamene ndinadziwa kuwawa kwa ulendo. Ndani angaike dzina lake pa mlendo amene kwawo ndi kutsidya kwa malire? Anabwera ndi mnzanga wa ku Chelstone uja, pamodzi ndi mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire wochokera ku Katete. Anasaina onse awiri. Mkuluyo anangondiuza kuti mwana wanga, dzina langa lili m'manja mwako.

Ndikuuzani izi chifukwa achimwene ananditumizira uthenga woti ndikwere basi pa siteshoni ya Intercity, m'mawa kukacha ndikhale ndadutsa Chipata, ndaoloka pa Mwami, nkhani yatha. Achimwene, ndikudziwa kuti munanena chifukwa cha chikondi, ndipo usiku wina ndinalongedzadi chikwama. Koma ndikanathawa, amene akanayankha kukhoti ndi anthu awiri ajawa, ndipo ine sindikanapondanso dziko lino popanda kugwidwa. Mlandu suola. Ndinamasula chikwamacho.

Ena anandilangiza kuti ndipeze wondithandiza kuti mapepala asowe. Zimenezo ndinakaniratu. Ndinapita kwa loya, ndipo ndalama yoyamba kundichoka inali imeneyo. Sindidandaula nayo. Anandifunsa zinthu zimene ine sindikanaziganiza: kodi anakuyeza nthawi yanji, anakuonetsa zotsatira, unanena chiyani kupolisi, alipo anakuona uli pachiwongolero? Anandifotokozera kuti munthu ali ndi ufulu wokana mlandu, ndipo zikatero ndi boma limene liyenera kubweretsa umboni wokwanira. Ngati kuyezako sikunachitike mwa dongosolo, loya amatha kutsutsa pamenepo. Koma kwa ine zonse zinali poyera. Anthu anandiona, chipangizo chinaonetsa, ndipo ndinali nditavomera kale pakamwa panga. Anati tikakana tidzangotaya miyezi ndi ndalama, pamene munthu wovomera msanga, amenenso ndi koyamba kupalamula, khoti limamumvera akamapempha kuti chilango chichepe. Anandiuzanso kuti amene alibiretu ndalama amatha kukapempha loya ku Legal Aid Board. Izi ndazilemba dala, mwina zidzathandiza wina wa kwathu amene ali kuno.

Tsiku la mlandu lisanafike ndinapita kwa mayi uja ndi mkulu wa mpingo. Ndinagwada. Ndinamulipira katundu wake, thebulo, mpando ndi mbaula yatsopano. Analandira, koma anandifunsa kuti bambo, ndikanakhala kuti sindinanyamuke, mukanalipira kwa yani? Ndinalibe choyankha.

Kukhoti amalankhula Chingerezi, womasulira n'kumatembenuzira m'Chinyanja. Atawerenga mlandu ndinati ndikuvomera. Loya anaimirira n'kunena kuti sindinapalamulepo chiyambire, kuti ndili ndi amayi okalamba ndi ana awiri apasukulu amene amadalira ine, ndiponso kuti ndinakonza kale zimene ndinaononga. Kumva dzina lanu likutchulidwa m'malo ngati amenewo, amayi, manyazi anandigwira kuposa a m'chitokosi. Woweruza anandilipitsa chindapusa, n'kunena kuti ndikalephera kulipira ndikalowa m'ndende. Analamulanso kuti ndisayendetse galimoto kwa miyezi 6. Laisensi ndiye imeneyo yapita kaye, ndipo dzina langa tsopano lili m'mabuku a khoti.

Abwana sanandichotse ntchito, ndithokoza Mulungu, chifukwa chilolezo changa chogwirira ntchito kuno chimayendera dzina la kampaniyi. Koma maulendo a ku Chisamba ndi ku Mkushi apatsa wina, ndipo ndalama zapadera zimene ndinkakutumizirani zinkachokera kumeneko. Za kukonzetsa galimoto akundidula pamalipiro mwezi ndi mwezi, popeza a inshuwalansi anakana atamva kuti panali mowa. Kuntchito ndikupita pa minibasi.

Tsono za feteleza. Matumba anayi amene ndinalonjeza sindikwanitsa chaka chino. Nditumiza ya matumba awiri kumapeto kwa mwezi uno, muyambe ndi munda wa kumtunda. Fizi ya ana ya mu Januwale ndiyesetsa, ngakhale ndigulitse wailesi ndi foni.

Ndamva kuti malume apeza kale wogula ng'ombe ija kuti munditumizire ndalama ya loya. Chonde musagulitse. Mlandu watha, chindapusa ndalipira, ngongole yotsala ndi yanga ndipo ndibweza ndekha. Ng'ombe imeneyo ndi imene bambo anatisiyira, ndipo ili ndi bere.

Mayi a ana ndawalembera kalata yawoyawo. Ana muwauze zoona, musawabisire. Mng'ono wanga wa kabaza uja mumuuze andiimbire Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndikufuna ndilankhule naye ndekha. Pa Khirisimasi sindibwera. Mundiuze ngati mvula yayamba kumeneko, kuno yagwa kawiri.

Ndine mwana wanu,
wa ku Lusaka