Zotsatira za kafukufuku wa pa Chilwa zizifika kugombe

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi akatswiri a m'mayunivesite amene amafufuza za nyanja ya Chilwa ndi madambo ake.

Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya. Mvula ikangovuta zaka zotsatizana, imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. Akatswiri a ku Chancellor College anayamba kuiunika kalekale, m'zaka za m'ma 1960, ndipo chimodzi mwa zimene anapeza n'chakuti nyanja ikauma, matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'maiwe a mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Madzi akabwerera, mbewu ya nsomba imachokera m'maiwe omwewo.

Mu 1995 mfundoyi inafika kwa mafumu. Iwo pamodzi ndi a zansomba analetsa kuthira katupe, mankhwala ophera nsomba, m'maiwe, ndipo madzi atabwerera nsomba zinaswananso. Apa ndiye kafukufuku anagwira ntchito yake, chifukwa anamveka kwa anthu amene ali ndi mphamvu yoletsa mwana wa m'mudzi kupha nsomba ndi mankhwala.

Masiku ano ophunzira amabwerabe pa doko la Kachulu, ena amaoloka mpaka pa chilumba cha Chisi. Amatunga madzi m'timabotolo, amafunsa asodzi a m'zimbowera, timisasa toyandama panyanja, mafunso ambirimbiri, kenaka galimoto n'kunyamuka. Zimene apeza zimakathera m'mabuku a Chingerezi. Msodzi amene anataya tsiku lake akuyankha samva n'komwe ngati matope ochokera m'minda ya m'mphepete mwa Likangala akukwiriradi nyanja, kapena ngati kutentha njedza kukuononga malo oswaniramo nsomba ndi mbalame. Komatu ameneyu ndi amene amagwira khasu ndi machesi.

Timamva kuti Chilwa ili m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. Chabwino, koma dzina lokha silibwezeretsa mitengo m'phiri la Zomba kumene mitsinje ina imayambira.

Pempho langa n'lakuti aliyense wofufuza kuno, asanalandire digiri yake, abwerenso kugombe adzafotokoze zimene wapeza pamaso pa mafumu ndi makomiti a pagombe, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe. Wailesi ya Chanco ilipo, ndipo kuno imamveka. Komanso azimayi oyanika matemba aziitanidwa nawo pamsonkhanowo, pakuti nsomba zikayamba kuchepa msinkhu, oyamba kuona ndi iwo pathandala.

Mphunzitsi wopuma,
T/A Mwambo, Zomba