Zikomo pofunsa za ndalama ya amene anazimitsiridwa masewero

Kwa Olemekezeka Mayi Kathy Hochul, Gavanala wa New York, ndi onse ogwira ntchito ku Department of Public Service, ku Albany.

Mayi olemekezeka,

Ndalemba kuti ndikuthokozeni chifukwa cha funso limodzi lomwe ofesi yanu yafunsa kawiri konse, mu September 2023 ndi mu February 2025, pamene makampani a cable (obweretsa TV m'nyumba kudzera pa mawaya) ndi eni matchanelo a zamasewero anakanganirana ndalama mpaka matchanelo kuzima. Funso lake linali lakuti munthu amene walipira bilu yake yonse, koma sakuona zomwe walipirira, abwezeredwa liti ndalama yake. Makampaniwo anatulutsa zikalata zambirimbiri zolozerana chala, koma nkhani ya kubweza ndalamayi sinali patsogolo m'kamwa mwawo. Inuyo munaiika patsogolo.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndiye nkhaniyi ndimaionera pabalaza, osati m'maofesi. Pali bambo wina amene ndinkawasamalira, maso anali atayamba kuchita mdima, miyendo nayo inkakana. Tsiku loti kuli mpira ankapempha kuti ndiwasambitse msanga, mankhwala amwe nthawi ikadalipo, kenaka ndiwakhazike pampando wawo n'kuwafunditsa bulangete m'mawondo. Nambala ya tchanelo chala chawo chinkaidziwa chokha pa rimoti, osayang'ana. Pa umodzi mwa mikangano yotereyi anadina manambala aja n'kupeza mawu okhaokha pa sikirini. Anayesanso kachiwiri. Atatero anandipatsira rimoti, akuganiza kuti aononga china chake ndi iwowo, mpaka kundipepesa. Zinandipweteka kwambiri kuona munthu wamkulu chotero akupepesa mlandu womwe si wake.

Anthu amafulumira kunena kuti ingotsitsani app, muonere pa intaneti. Malangizo amenewo ndi abwino kwa mnyamata wokhala ndi foni yamakono ndi khadi la kubanki m'thumba. Gogo amene amadalira penshoni, amene ngakhale password yake amasungirwa ndi mdzukulu, mwamuuza chiyani pamenepo? Komanso ndi ndalama ina yapamwamba pa bilu yomwe walipira kale.

Ambiri mwa ife tinadziwa mochedwa momwe malondawa amayendera. Kampani ya cable imalipira mwini tchanelo ndalama yakutiyakuti mwezi ndi mwezi pa kasitomala aliyense amene tchaneloyo ili mu phukusi lake, kaya amaionera kaya ayi. Akatswiri oyerekezera ankati tchanelo ya zamasewero ya ESPN yokha inkalandira kupitirira madola 9 pa nyumba iliyonse pamwezi mu 2023. Nayonso ESPN ili ndi ngongole zake, poti imapereka ku NFL, ligi ya mpira wa chi America, pafupifupi madola 2.7 biliyoni pachaka kuti izionetsa mpira wa Lolemba usiku. Pomwe mitengo ya masewero ikukwera chonchi, anthu akutuluka mu cable chaka ndi chaka kupita ku intaneti. Katundu yemweyo ndiye akusenzedwa ndi mitu yochepa, ndipo ambiri mwa otsalawo ndi achikulire ngati amene ndimawasamalirawa.

Za 2023 zija mukuzikumbuka bwino kuposa ine. Madzulo a pa 31 August, matchanelo a Disney, kuphatikizapo ESPN, anazima kwa makasitomala a kampani ya cable ya Spectrum pafupifupi 15 miliyoni m'dziko lonse. Nthawi yake inali yomwe mpira wa makoleji pakati pa Florida ndi Utah unkati uziyamba, ndipo Carlos Alcaraz anali pabwalo ku US Open. Mpikisano wa tenisi umenewu umachitikira konkuno ku Queens, koma anthu okhala pafupi ndi bwalo lenilenilo sankatha kuuona m'nyumba zawo. Pa 9 September, Coco Gauff, mtsikana wa zaka 19, anatenga chikho matchanelo akadali chizimire. Kampani ya Charter, yomwe ndi mwini wa Spectrum, inati imapereka kwa Disney madola 2.2 biliyoni pachaka, koma Disney ikufuna kukweza mtengo pomwe mapulogalamu abwino ikukawaika pa Disney+, app yake ya pa intaneti, kuti anthu alipirenso kachiwiri. Disney inayankha kuti ikungofuna mtengo wa pamsika womwe ena akulipira.

Kunena chilungamo, mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo zomveka, ndipo palibe amene angaletse ochita malonda kunenerera mtengo. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kunenererako pogwiritsa ntchito munthu amene sali nawo pa zokambirana. Sindikhulupirira kuti zimangochitika mwangozi kuti migwirizano imeneyi izitha nthawi yomwe masewero akuyamba kapena afika pokoma. Aliyense amadziwa kuti wokonda mpira akapsa mtima aimba foni, alalata, mwina asamukira kwina, ndipo mkwiyo wakewo ndi umene mbali iliyonse imawerengera kuti ugonjetsa inzake.

Apa m'pamene ofesi yanu inalowererapo, n'kulamula Department of Public Service, nthambi ya boma yoyang'anira makampani ngati a cable, kuti ilondole zoti makasitomala a mu New York abwezeredwe ndalama za masiku omwe sanaone kanthu. Mfundo yake ngakhale mwana atha kuimva. Ukalipira thumba lathunthu la chimanga, wogulitsa n'kutapamo ndowa chifukwa wayambana ndi amene amamuoda, sunganyamule thumbalo mwakachetechete pa mtengo womwe uja. Charter inadzapereka madola 15 kwa makasitomala okhudzidwa. Ena anati ndi yochepa, ndipo sindiwatsutsa. Koma kwa munthu amene amawerenga mzere uliwonse wa bilu yake ndi galasi lokulitsira zilembo, kuona ndalama itachotsedwa kunatanthauza kuti wina kwinakwake wavomera kuti iyeyo analakwiridwa.

Sindikunena kuti mkanganowo munauthetsa ndinu. Unatha pa 11 September, kutangotsala maola ochepa kuti matimu a Buffalo Bills ndi New York Jets akumane pa mpira woyamba wa Lolemba usiku, ndipo n'zoonekeratu kuti panalibe mbali yomwe inkafuna kusenza mlandu wobisira anthu a New York masewero amenewo. Mgwirizano wake unabweretsa Disney+ mu maphukusi ena a Spectrum, n'kuchotsamo matchanelo ena monga Freeform ndi Disney Junior. Zimenezo anapangana okha. Chanu chinali kukumbutsa kuti masiku omwe anadutsa aja anali olipiridwa.

Zitabwereranso mu 2025 simunatope nazo. Kuyambira pa 1 January, makasitomala a kampani ina ya cable ya Optimum anasiya kuona matchanelo a MSG Networks, komwe kumaonetsedwa masewero a matimu a Knicks, Rangers, Islanders ndi Devils. Ulendo uno mdimawo unatenga nthawi yaitali, mpaka pa 22 February, pakatikati pa nyengo ya basketball ndi hockey, m'miyezi yozizira yomwe okalamba satuluka n'komwe panja. Wofuna kuonera pa intaneti ankayenera kupeza madola pafupifupi 30 ena pamwezi. Inu munatumanso nthambi yomweyi kuti ifunse za ndalama za makasitomala, ndipo Mayi Letitia James, loya wamkulu wa boma la New York, nawo analankhulapo. Nawonso alandire kuthokoza kwanga, pamodzi ndi antchito amene amalandira madandaulo a anthu pa foni, omwe maina awo sitimawamva.

Ndili ndi pempho limodzi. Mu January 2024 bungwe la FCC, loyang'anira za TV, wailesi ndi mafoni m'dziko lonse la America, linabweretsa ganizo loti makampani a cable ndi a satellite azibweza ndalama nthawi iliyonse yomwe tchanelo yazima chifukwa cha mkangano wa mitengo. Ndikupempha kuti New York ilimbikire mfundo imeneyi mpaka ikhale lamulo, ndipo kubwezako kuzichitika kokha pa bilu yotsatira. Anthu ambiri amene ndimawasamalira samva bwino pa foni, ndipo sangathe kudikira pa mzere kuti apemphe ndalama yomwe ndi yawo kale.

Ambuye akupatseni mphamvu pa ntchito yanu.

Ine wanu mwaulemu,
Wosamalira okalamba, New York