Chilengezo: Makadi odzisindikizira a Star Wars CCG

Mamembala olemekezeka,

Komiti ikukudziwitsani zimene yagwirizana pa nkhani ya makadi odzisindikizira a Star Wars CCG (masewera a makadi osonkhanitsa ochokera ku mafilimu a Star Wars), popeza tsiku limene tinakumana komaliza panaoneka mulu wa makadi onyezimira, odulidwa bwino m'makona ngati enieni, ndipo ena anayamba kufunsana mitengo.

N'zoona kuti kampani ya Decipher, imene inatulutsa masewerawa mu 1995, inasiya kuwasindikiza kumapeto kwa 2001 chilolezo chake chochokera ku Lucasfilm (kampani imene inapanga mafilimu a Star Wars) chitatha, koma kusowa kwa makadi m'masitolo sikuthetsa umwini. Zithunzi ndi mayina zikadali za Lucasfilm, imene Disney inagula mu 2012, ndipo ku America ntchito yaluso ya kampani imatetezedwa ndi lamulo loletsa kukopera kwa zaka 95 chiitulutsireni, kutanthauza kuti makadi oyambirira aja adzamasuka ambirife titapita kale.

Choncho tidzatsatira njira ya Players Committee, gulu la osewera odzipereka limene lakhala likusamalira masewerawa kuyambira 2002. Iwo amapereka kwaulere timapepala ta malamulo atsopano, timene munthu amasindikiza, n'kudula, n'kulowetsa m'kapulasitiki pamwamba pa khadi lenileni. Timeneti n'tololedwa pa mipikisano yathu.

Khadi lokopera lathunthu liziloledwa pa masewera ocheza okha, ndipo lilembedwe kumbuyo ndi inki kuti "kope", kuopa kuti mawa wina angaligule poyesa lenileni. Kugulitsa makadi otere, ngakhale ponena kuti mukungobweza ya pepala ndi inki, n'koletsedwa m'gulu lino, ndipo amene muli nawo kale muwalembe tisanakumanenso.

Mlembi wa gulu