Chitungwiza si chipinda chogona cha Harare

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za kwathu kuno ku Chitungwiza, m'dziko la Zimbabwe. Agogo anga anachoka ku Dedza kudzafuna ntchito nthawi ya Rhodesia, ine ndinabadwira ndi kukulira ku St Mary's, limodzi mwa madera a Chitungwiza. Chimandiwawa n'choti olemba nkhani akamatchula dera lathu amangoti "tauni yogonako anthu ogwira ntchito ku Harare", ngati kuti tonse timabwera kuno kudzayala mphasa basi.

Dzinali lili n'kochokera, sindikana. Boma la azungu linkafuna manja a munthu wakuda ku Salisbury (dzina lakale la Harare), koma munthuyo azikagona kutali. Mu 1978 anaphatikiza St Mary's, Zengeza ndi Seke n'kukhala Chitungwiza, makilomita pafupifupi 25 kumwera kwa likulu. Mpaka lero, kusanache, pa Makoni ndi pa Chikwanha pamakhala piringupiringu wa anthu olimbirana makombi, Seke Road n'kudzaza thothotho. Za njanji yopita ku Harare ndinayamba kuzimva ndili mwana. Pano imvi zatuluka, sitima sinalirebe.

Koma taonani mmene malamulo amatiikira. Makhonsolo a m'matauni kuno ali m'magulu anayi: local board, town council, municipality, pamwamba pake city, kutanthauza mzinda. Epworth, kufupi ndi Harare, ndi local board. Ife ndife municipality. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tilipo oposa 370,000, kutanthauza kuti ukachotsa Harare ndi Bulawayo palibenso malo a m'tauni otiposa. Mutare, Gweru, Kwekwe, Kadoma ndi Masvingo onse ndi ochepa kwa ife koma ndi mizinda. Victoria Falls inakwezedwa kukhala mzinda mu 2020 anthu ake osafika n'komwe 40,000. Sindiwachitira nsanje, iwo ali ndi mathithi ndi alendo obwera ndi madola. Ndikungodabwa kuti khamu lonseli likuwerengedwabe ngati khonde la nyumba ya eni.

Anzanga ena amati tingopatsidwa dzina la mzinda zonse ziyenda. Apo ndiye sindigwirizana nawo. Dzina silitulutsa madzi pampopi. Chitungwiza ilibe malo akeake oyeretserako madzi, imagula kwa Harare madzi ochokera kumalo oyeretserako a Morton Jaffray ndi Prince Edward. Chopweteka n'choti madamu a Seke ndi Harava, amene amadyetsa Prince Edward, ali pamphuno pathu pa mtsinje wa Manyame, koma mwini wake ndi Harare. Kwa mwini kukachepa madzi, woyamba kuuma kukhosi ndi wogula. Amayi amakesa pa mijigo ndi zigubu, ena kukumba zitsime pakhomo pafupi ndi mapaipi a zonyansa amene anaikidwira anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene tilipo. Tisaiwale kuti kolera wa 2008 anayambira kuno.

Apa m'pamene dzina lija limatilumira. Amene wakhulupirira kuti kuno n'kogona chabe sangaganize zomanga damu, mafakitale kapena misewu yolimba. Aziti anthuwo masana kulibe. Kulibe bwanji? Bwerani Lachiwiri masana mudzaone amisiri owotcherera zitseko, amayi a pamsika, osema ziboliboli zamiyala ku Chitungwiza Arts Centre. Oimba sungura ambiri otchuka anaphunzira kukhwatcha gitala m'makwalala athu omwewa. Dzina la malo ano limakumbutsa za Chaminuka, mlauli wa Ashona, ndipo linalipo azungu asanafike. Masewera a All-Africa Games a 1995 atabwera, akatswiri osambira anapikisana mu Aquatic Complex yathu. Ndipo ife zidzukulu za Achewa, maliro akagwa ku St Mary's gule amatuluka, ana a Chishona n'kumathawa akukuwa kuti "zvigure!"

Agogo anga tinawaika kumanda a ku Unit L konkuno, osati ku Dedza. Ana anga akafunsidwa kwawo amayankha kuti Chi-Town, satchula Harare.

Pempho langa kwa aphungu athu ndi makhansala: mukamakambirana zokweza Chitungwiza kukhala mzinda, nkhani ya damu lathulathu ndi malo oyeretsera madzi ikhale patsogolo pa chikalatacho. Ndipo inu olemba nkhani, mukadzabweranso musadzafike mbandakucha kudzajambula mizere ya makombi n'kubwerera. Mudzaswere.

Mdzukulu wa ku Dedza,
St Mary's, Chitungwiza